Chisakasa Kuseri kwa Nyumba ku Glenhazel

Gulu la pa WhatsApp: Tiwerenge Mawu Limodzi

Lolemba, 6 Okutobala 2025

Nachisale wa ku Joni: Mwaswera bwanji abale. Ndili ndi funso koma musandiseke. Kuntchito kwanga kuno ku Glenhazel abwana, omwe ndi Ayuda, ndi anyamata awo akhala akukhoma chisakasa kuseri kwa nyumba. Anayamba Lachinayi usiku atangomasula kusala kudya kwawo kuja, munthu chakudya chisanatsike n'komwe wanyamula kale hamala. Makoma ndi a matabwa, pamwamba ayalapo nsungwi ndi nthambi za kanjedza, koma motalikanitsa, moti ukakweza maso thambo likuoneka. Lero ine ndi mnyamata wa kugadeni tatulutsa tebulo ndi mipando 14. Akuti kuyambira usiku uno azidyera mmenemo sabata yathunthu, abwana azigonamonso. Nyumba ya zipinda zisanu, matailosi mpaka kubafa, anthu n'kumakadyera m'chisakasa ngati akulondera anyani kumunda! Ndi chaka changa choyamba pakhomo pa Ayuda, mutu waima. Zilimo m'Baibulo zimenezi?

Aphunzitsi Opuma: Zilimo mayi. Tsegulani Levitiko 23, muyambire ndime 33. Mwezi wachisanu ndi chiwiri, tsiku la 15, chikondwerero cha misasa, masiku 7. Chifukwa chake chili pa ndime 42 ndi 43: kuti mibadwo idziwe zoti Mulungu anakhalitsa ana a Israeli m'misasa atawatulutsa ku Aigupto. Mutu womwewo wandandalika zonse za mwezi umenewu, tsiku loyamba kuliza lipenga, tsiku la 10 chitetezero, kenako misasayo. Ife timawerenga ngati za makedzana, anzathuwo akuchitabe.

Mlimi wa ku Arava: Kkkk achemwali takulandirani. Dzina lake ndi Sukkot, chisakasacho ndi sukkah. Kuno ku Israel pa moshav, mudzi wa alimi, pafupifupi khomo lililonse lamanga, ngakhale anthu oti kusunagoge sapondako. Sabata yonseyi takhala tikusadza nthambi za kanjedza kumunda wa zipatso, anthu akubwera ndi matilela kudzatenga zofolerera.

Wa Kabaza Area 25: Anthu olemera kusewera umphawi sabata imodzi. Abwere kuno ku Mgona adzaone misasa ya chaka chonse.

Mkulu wa Mpingo ku Zomba: Achimwene a Kabaza, muzimva kaye nkhani musanaponde pedulo.

Mayi a Tadala ku London: Nachisale, ine zaka 6 tsopano ndikusamalira okalamba panyumba ina ya Ayuda kumpoto kwa London kuno. Chaka choyamba nanenso ndinkangoti kukamwa yasa. Dengalo sanalakwitse ayi, lamulo lake ndi lomwelo. Zofolerera zikhale zomera m'nthaka koma zodulidwa, mthunzi uchuluke kuposa dzuwa, ndipo amakonda kuti usiku nyenyezi zizioneka. Ukayikapo malata kapena pulasitiki basi yaonongeka, siinso sukkah. Makoma ukhoza kumanga olimba mmene ungafunire, koma denga likhale loti mvula ikabwera ikupeze.

Nachisale wa ku Joni: Ndiye poti kuno Okutobala mabingu ayamba kale? Majakaranda achita maluwa, madzulo alionse kumwamba kukumada.

Mayi a Tadala ku London: Mudzationetse vidiyo kkkk. Kalendala yawo imatsata nyengo ya ku Israel, kumene ino ndi nthawi yomaliza kukolola, mvula isanayambe. Kwa ife kuno kwayamba kuzizira, masamba akuyoyoka, agogo anga amakadyera mmenemo atafunda bulangete awiri. Kwa inu ndi chilimwe. Koma tsiku ndi limodzi dziko lonse.

Wa Sabata: Abale tisaiwale kuti zikondwerero zimenezi zinali mthunzi chabe wa zimene zinali kudza. Akolose 2. Chotsala ndi Sabata la m'malamulo khumi basi.

Mkulu wa Mpingo ku Zomba: Ayi bambo, mkangano wa Sabata tinauthera ma bandulo chaka chatha, lero tisaudzutse. Nachisale sanafunse ngati ife tizimanga misasa. Wafunsa zimene eni ake akuchita ndi zimene akutanthauza. Tiyeni timve kaye kwa eni mwambo.

Lachinayi, 9 Okutobala

Nachisale wa ku Joni: Pepani ndinasowa, masiku awiri oyambawo ndi ngati Sabata kwa iwo, sagwira foni, sayendetsa galimoto, magetsi amazima okha ndi mawotchi, ndiye alendo anali mbwee, mbale zake musanene. Koma mawu a achimwene a Kabaza aja anandikhala pamtima. Ine ndisanapeze ntchito yogonera konkuno ndinakhala zaka zitatu mu mkuku ku Diepsloot. Denga la malata obooka, miyala pamwamba kuti mphepo isalitenge, mvula ikagwa usiku kumadzuka kusuntha matiresi, beseni apa, poto apo. Ndiye Lachiwiri ndikuperekera supu m'chisakasa muja, anthu atchena, ana apachika timapepala tamitundumitundu ndi zipatso zapulasitiki, akuimba, mtima wanga unawawa pang'ono. Ndinati anthu awa akusangalalira chinthu chimene ine ndinkalira nacho.

Wa Kabaza Area 25: Si ndinanena ine.

Mayi a Tadala ku London: Mwanena zoona zanu achemwali, sindingakutsutseni. Koma mundilole ndikuuzeni zimene rabi amene amabwera kuno ananena dzana, chifukwa funso lanulo iwonso amadzifunsa. Anatchula mphunzitsi wina wakale wa ku France, Rashbam, mdzukulu wa Rashi, katswiri wotanthauzira Malemba. Iyeyo anafunsa kuti bwanji misasa amamanga nthawi yokolola? Yankho lake n'lakuti nthawi yoopsa kwa munthu ndi pamene nkhokwe yadzaza. Ndi pomwe umayamba kunena kuti mphamvu zanga ndi dzanja langa ndizo zandipezera chumachi, monga achenjezera pa Deuteronomo 8:17. Ndiye lamulo limamutulutsa mwini nkhokweyo m'nyumba yake yodzaza, akakhale pansi pa masamba, akumbuke kuti makolo ake analibe munda ngakhale nyumba. Kunena kwina, mwambowu anaupangira dala munthu wa matailosiyo. Wa mu mkuku safunika kumukumbutsa.

Aphunzitsi Opuma: Apo ndagwirapo. Ndi mankhwala a wokhuta.

Wa Kabaza Area 25: Koma akatha masiku 7 akubwerera pa sofa. Wa ku Mgona akubwerera kuti?

Mayi a Tadala ku London: Palibe akukana zimenezo. Komanso achimwene musaganize kuti onse ndi a sofa. Agogo ena amene ndimawasambitsa anafika ku England ali kamtsikana mu 1939, pa sitima zija zinkapulumutsa ana a Chiyuda ku Germany ndi maiko oyandikana nawo, chikwama chimodzi m'manja, makolo awo sanawaonenso. Akakhala mu sukkah salankhula zambiri. Chaka chatha anangondigwira dzanja n'kunena kuti nyumba ya njerwa ya bambo awo ndi imene inagwa, chisakasa ndiye chikumangidwabe. Ine ndinasowa choyankha, ndinangowakonzera bulangete.

Mlimi wa ku Arava: Ndipo ambiri a ku Joni kumeneko makolo awo anachokera ku Lithuania, osauka, ena ankayenda ndi katundu pamsana kugulitsa m'mafamu. Mnzanga wina wa ku South Africa amene anasamukira kuno ndiye anandiuza.

Aphunzitsi Opuma: Mayi a Tadala, pali chimene chimandizunguza pa ndime 43 ija. Mu Eksodo ndi Numeri monse timamva za mahema. Misasa ya masamba m'chipululu anaitenga kuti?

Mayi a Tadala ku London: Aphunzitsi mwaponda pomwe arabi akale anakanganirana. Mu Talmud, mabuku a zokambirana za arabi akale, Rabi Eliezer akuti misasayo inali mitambo ya ulemerero imene Mulungu anawaphimba nayo. Rabi Akiva akuti ayi, inali misasa yeniyeni, anadzimangira ndi manja. Ndipo chimene chimandisangalatsa ndi anthu awa n'chakuti sanafufute yankho la wina. Onse awiri analembedwa, ana amaphunzira onse awiri.

Nachisale wa ku Joni: Ine ndili mbali ya Akiva. Ku Diepsloot mtambo wa ulemerero sindinauone, ndinaona malata ndi misomali yogula ndekha.

Mkulu wa Mpingo ku Zomba: Koma munatulukamo wamoyo mayi, moto umene umapsereza mikuku chaka ndi chaka sunakupezeni. Mwina Eliezer nayenso ali ndi mbali yake.

Nachisale wa ku Joni: Kkkk akulu mwandigwira pakamwa. Chabwino, onse awiri akhale.

Nachisale wa ku Joni: ABALE YAGWA! Tikungoyamba kuperekera chakudya chamadzulo, mphezi ng'ani, kenako chimvula cha matalala. Aliyense wanyamula mbale yake kuthawira m'nyumba, agogo aamuna akuthamanga ndi botolo la vinyo, ana akukuwa ndi chisangalalo, timapepala tonse tanyowa. Ine ndimayembekeza kuti apirira poti ndi lamulo. Abwana akuti ayi, mvula ikafika poononga chakudya umaloledwa kulowa, kukakamira mmenemo si kupembedza. Koma nkhope yawo inagwa. Ndawafunsa, akuti mu Mishnah, buku lawo lakale la malamulo, muli fanizo: zili ngati wantchito wabwera kudzathirira mbuye wake chakumwa, mbuyeyo n'kumukhuthulira jagi yamadzi kumaso. Atatero anandiyang'ana, n'kuchita manyazi okha, tonse tinaseka.

Wa Kabaza Area 25: Kkkkkk fanizo lafika pa mwini wake.

Lachisanu, 10 Okutobala

Mkulu wa Mpingo ku Zomba: Nachisale, munatchula za kusala kudya sabata yatha. N'chimodzimodzi ndi tsiku la chitetezero la pa Levitiko 16?

Nachisale wa ku Joni: Eya, Yom Kippur. Kuyambira Lachitatu dzuwa lisanalowe mpaka Lachinayi nyenyezi zitatuluka, maola ngati 25, osadya osamwa ngakhale madzi. Anavala zoyera, nsapato zachikopa anasiya, abwana suti yabwinobwino kumunsi atavala zofewa zansalu. Koma chimene sindidzaiwala chinachitika Lachitatu m'mawa. Ndikusenda mbatata kukhitchini, madamu analowa n'kuima pafupi nane, manja akuwapotokola. Akuti, mwezi wa Juni ndinakukalipira pamaso pa ana chifukwa cha mpeni uja, ndinalakwa, undikhululukire. Nkhani yake inali yoti ndinadulira tchizi mpeni wa nyama, poti kuno ziwiya za nyama ndi za mkaka sizikumana, masinki omwe ndi awiri. Ine ndinali nditaiwala kale, kapena ndinene kuti ndinali nditaika pambali. Zaka zonse ndagwira ntchito m'nyumba za anthu, wakuda, mzungu, mmwenye, palibe anandipepesapo. Ndinangoti zatha madamu, maso ali pa mbatata.

Mayi a Tadala ku London: Ndi lamulo lawo limenelo. Mishnah imati Yom Kippur imafafaniza zimene walakwira Mulungu, koma zimene walakwira mnzako sizichoka mpaka ukamupepese mwini wakeyo. Mphunzitsi wawo wamkulu Maimonides, amene anamwalira ku Egypt mu 1204, analemba kuti akakana upitenso ndi anzako, mpaka katatu. Ndiye masiku 10 a pakati pa Rosh Hashanah, chiyambi cha chaka chawo, ndi Yom Kippur mafoni amalira kwambiri.

Wa Kabaza Area 25: Kupepesa n'kwaulere. Malipiro anakweza?

Nachisale wa ku Joni: Inu ndiye simusintha. Ya masiku owonjezera anandipatsa yonse osachita kukumbutsa. Zokweza akuti tikambirana mu Januwale, ndipo ndidzawakumbutsa, musade nkhawa.

Aphunzitsi Opuma: Musamunyoze mnyamatayu, funso lake ndi la Yesaya 58. Anthu akudandaula kuti tasala kudya koma Mulungu sakuona, yankho n'kukhala lakuti tsiku lomwe mukusalalo mukupanikiza antchito anu. Kusala kumene ndikufuna ndi kumasula goli, kugawana chakudya ndi wanjala, kulowetsa m'nyumba osowa pokhala.

Mayi a Tadala ku London: Aphunzitsi, ndiye mudabwe: mutu umenewo ndi womwe amawerenga m'sunagoge m'mawa wa Yom Kippur, chaka chilichonse. Anthu ali ndi njala, milomo yauma, wina n'kuimirira kuwawerengera kuti njala yanuyi payokha ilibe ntchito. Anasankha okha kuti azidzibaya nawo. Madzulo ake amawerenga buku lonse la Yona. Rabi wathu anatiuza kuti kamsasa kamene Yona anamanga kum'mawa kwa Nineve, kudikira kuti aone mzinda ukupsa, pa Chihebri ndi liwu lomweli, sukkah. Akuti munthu ukhoza kukhala mu msasa mtima uli wouma gwa, ukulirira msatsi wofota osalirira anthu 120,000.

Mlimi wa ku Arava: Kuno tsiku limenelo dziko limaima zenizeni. Bwalo la ndege la Ben Gurion amatseka, wailesi ndi TV za kuno zii. Msewu wa 90 umene umadutsa pafupi ndi ife kupita ku Eilat, masiku ena onse malole ali pyoo, koma tsikulo mpaka unkamva mbalame. Ana amatenga njinga kumatchova pakati pa msewu. Achimwene a Kabaza mukanapha makwacha.

Wa Kabaza Area 25: Nditumizireni tikiti chaka chamawa.

Mlimi wa ku Arava: China chimene munganyadire: lipenga lawo lija, shofar, ambiri amaliza la nyanga ya nkhosa yamphongo, kukumbukira nkhosa inagwidwa m'ziyangoyango m'malo mwa Isake. Ya ng'ombe saloleza, akuti ingakumbutse mwana wang'ombe wagolide uja. Koma Ayuda ochokera ku Yemen amaliza lalitali lopotanapotana. Nditaliona m'sitolo ku Jerusalem ndinati haa, iyi si nyanga ya ngoma iyi, ngoma yomwe ija ya ku Lengwe ndi ku Majete? Ndi yomweyo ndithu, zimachokera kwathu ku Africa.

Mayi a Tadala ku London: Poti mwatchula Isake. Pa Rosh Hashanah, chaka chawo chatsopano, chino ndi 5786, munthu ungayembekeze kuti awerenga za kulengedwa kwa dziko. Ayi. Tsiku loyamba ndi Genesis 21, Sara kubala, Hagara ndi mwana wake kuthamangitsidwa ndi mkate ndi thumba la madzi, kuphatikizapo pemphero la Hana. Lachiwiri ndi Genesis 22, ndi Rakele kulira ana ake mu Yeremiya 31. Nkhani za m'nyumba zokhazokha, amayi osabala, amayi olira, wantchito wochotsedwa. Pa mawu aja akuti Mulungu anamva kulira kwa mnyamatayo pomwe analipo, arabi amati munthu amaweruzidwa monga alili lero, osati monga adzakhalire mawa.

Nachisale wa ku Joni: Hagara ndi mnzanga ameneyo. Ndikanadziwa ndikanapita nawo kukamvera.

Lamlungu, 12 Okutobala

Aphunzitsi Opuma: Funso langa ndi la kawerengedwe. Mukuti tsiku lakuti amawerenga zakuti. Amasankha ndani? Kwathu mlaliki amangotsegula pomwe pamukomera, ena chaka chonse Malaki 3.

Mkulu wa Mpingo ku Zomba: Aphunzitsi, chakhumi chisiyeni kkkk.

Mayi a Tadala ku London: Sasankha munthu. Mabuku asanu a Mose, Torah, anawagawa m'zigawo 54, chilichonse amachitcha parashah, dzina lake limachokera ku mawu oyambirira a chigawocho. Sabata lililonse chigawo chimodzi, motsatana, osadumpha, kaya ndi nkhani yokoma ya Yosefe kaya ndi mitu ya khate ndi nkhungu za m'makoma. Chaka chikafupika amaphatikiza ziwiri, poti kalendala yawo imawonjezera mwezi wathunthu ka 7 pa zaka 19 zilizonse. Pa Sabata m'mawa amaitana anthu 7 mmodzimmodzi kukaima pa mpukutu, pomaliza wina amawerenga gawo la aneneri logwirizana nalo, haftarah. Lolemba ndi Lachinayi amawerengako pang'ono chiyambi cha gawo likudzalo. Masiku a zikondwerero ndiye amaimitsa kaye mndandanda n'kuwerenga za tsikulo. Ndiye zimene akumva ku Glenhazel ndi zomwe akumva ku Golders Green kuno ku London.

Aphunzitsi Opuma: Tsono ndamvetsa Machitidwe 13:15, pamene akuti atatha kuwerenga chilamulo ndi aneneri anapempha Paulo kuti alankhule. Ndi Luka 4, Yesu kupatsidwa mpukutu wa Yesaya ku Nazarete. Ndaphunzitsa Baibulo kusekondale zaka zambiri osadziwa kuti mwambowo ulipobe. Nehemiya 8 nayenso, Ezara akuwerenga pa tsiku loyamba la mwezi wachisanu ndi chiwiri, anthu akulira, mawa lake n'kupeza zolembedwa kuti azikhala m'misasa, n'kuthamangira kuphiri kukadula nthambi. Ndi mwezi uno ndithu.

Wa Sabata: Apa ndiye ndivomere, kuwerenga mosadumpha n'kwabwino. Koma chaka ndi chaka zomwezomwezo, satopa?

Mayi a Tadala ku London: Ndinawafunsapo agogo ena aamuna, a zaka za m'ma 90. Anaseka, akuti mawu ndi omwewo koma wowerengayo ndi amene wasintha. Ali mnyamata, nkhani ya Isake ankaimva ngati mwana womangidwayo. Atabereka anayamba kuimva ngati Abrahamu. Pano akuti amangoganiza za Sara, amene mutu wotsatira wake tikungomva kuti wamwalira. Anandiuzanso mawu a mphunzitsi wina wa dzina loseketsa, Ben Bag Bag, oti itembenuze, uitembenuzenso, zonse zili momwemo. Ngati mmene timachitira ndi chimanga pamoto.

Nachisale wa ku Joni: Dzulo kusunagoge akuti anawerenga Mlaliki yense. Madamu anabwera akudandaula kuti miyendo yatopa. Ndinadabwa, chikondwerero chimene iwo amati nyengo ya chimwemwe, n'kumawerenga zachabechabe, zonse ndi chabe?

Mayi a Tadala ku London: Liwu limene ife timati chabe, pa Chihebri ndi hevel, mpweya, kankhungu kotuluka m'kamwa kukazizira. Chinthu choti chilipo koma sungachigwire. Ndiye Mlaliki yemweyo amabwerezabwereza kuti idya, imwa, kondwera ndi ntchito yako. Zikugwirizana ndi kudya nyama yabwino pansi pa denga lodontha.

Mlimi wa ku Arava: Achemwali a ku Joni, mwaona timitengo akumagwedeza m'mawa?

Nachisale wa ku Joni: Ndaona, ndi chindimu chachikulu amachisunga m'kabokosi ngati dzira. Anandichenjeza kuti ndisachikhudze, kansonga kake kakathyoka ndiye kuti chatha ntchito.

Mlimi wa ku Arava: Ndi etrog imeneyo. Zinazo ndi nsonga ya kanjedza, mchisu ndi msondodzi, Levitiko 23:40. Bwana wathu wa pamunda, munthu wosapemphera n'komwe, ndiye anandimasulira tikupakira tsabola. Akuti etrog ili ndi kukoma ndi fungo, kanjedza zipatso zake n'zokoma koma alibe fungo, mchisu umanunkhira koma sudyedwa, msondodzi ulibe chilichonse. Ndi mitundu inayi ya anthu: wodziwa ndi kuchita, wodziwa chabe, wochita chabe, ndi wopanda zonse. Koma pakasowa msondodzi, mwambo wonse sutheka. Anati ine ndine msondodziwo, n'kuseka. Ndipo dzina la msondodzi pa Chihebri ndi arava, chimodzimodzi dera lino.

Wa Kabaza Area 25: Pagulu pano msondodzi ndine, ndadziwa kale. Musandichotse.

Lachitatu, 15 Okutobala

Mkulu wa Mpingo ku Zomba: Tsiku la Anakubala labwino kwa amayi nonse, makamaka inu muli kutali ndi ana.

Mlimi wa ku Arava: Zikomo akulu, tawaimbira amayi m'mawa. Kuno chikondwerero chinatha dzulo. Ku Israel tsiku lachisanu ndi chitatu, Shemini Atzeret, ndi Simchat Torah, chikondwerero chomaliza kuwerenga Torah, amachita tsiku limodzi, kunja amagawa masiku awiri, ndiye a ku Joni ndi London akuvina lero. Dzulo ndi pomwe anayamba kupempherera mvula. Ndinaseka ndekha, dera lino mvula ya chaka chonse sifika ndi mamilimita 50 omwe, timathirira ndi mapaipi a m'dontho. Koma ndinakumbuka kumudzi, anthu akumaliza kugalauza, maso ali kumwamba kudikira chizimalupsa. Ndinapemphera nawo chamumtima, ndinati mvula imeneyo ikapatukireko kwathu. Kuvina kwake kunali kosakaniza. Pa kalendala yawo, tsiku limeneli ndi lomwe lija la 7 Okutobala 2023, pamene nkhondo inayamba. Ine ndinabwera nkhondo itayamba kale, koma aliyense pano ali ndi wina amene amamukumbukira, ndipo ku Gaza nako manda ndi osawerengeka. Sindikufuna kuyambitsa ndale pagulu, ndangonena zimene ndinaona pankhope za anthu.

Mkulu wa Mpingo ku Zomba: Tamva achimwene. Tiwakumbukire onse olira, mbali zonse.

Mayi a Tadala ku London: Ife tangomaliza. Anabweretsa mipukutu iwiri m'holo, okalamba pa njinga zawo za olumala, ife tikuwakankha kuzungulira ka 7, akuimba, ena akugona, ena akulira. Mpukutu wake ndi wachikopa, wolembedwa pamanja ndi mlembi, zilembo 304,805, ndipo powerenga salozapo ndi chala, ali ndi kandodo kasiliva kokhala ndi kadzanja kunsonga. Mu mpukutu woyamba anawerenga mathero a Deuteronomo: Mose akudalitsa mafuko, akukwera phiri la Nebo, Mulungu akumuonetsa dziko lonse mpaka kunyanja, n'kumuuza kuti waliona ndi maso koma suwolokerako. Akufa, manda ake osadziwika. Anthu onse n'kufuula chazak chazak, kutanthauza limba, limba, tilimbikitsane. Osapuma n'komwe, atsegula mpukutu wachiwiri: pachiyambi Mulungu analenga kumwamba ndi dziko lapansi.

Aphunzitsi Opuma: Dikirani. Ndiye kuti m'kuwerenga kwawo kwa Torah salowa m'dziko lolonjezedwa?

Mayi a Tadala ku London: Yoswa 1 amawerenga ngati haftarah ya lero, koma mpukutu weniweniwo umathera kutsidya kwa Yordano, n'kubwerera pachiyambi. Chaka chilichonse amafika pamalire n'kuyambiranso. Ndipo pa ndime 8 zomalizazo pali mkangano wina mu Talmud: Mose akanalemba bwanji za imfa yake? Wina akuti analemba ndi Yoswa. Wina akuti ayi, Mulungu ankanena, Mose n'kumalemba ndi misozi.

Nachisale wa ku Joni: Mayi a Tadala mwandiliza pa Tsiku la Anakubala. Ine ndinayamba kumanga nyumba kwathu ku Ntcheu mu 2017. Njerwa zootcha, malata 42, chaka chatha tinaika mawindo. Ndawerenga, ndagonamo masiku 11 okha. Ndimaiona pa foni, mchemwali wanga akamajambula, ndili pa phiri la Nebo la ku Glenhazel. Malume anga anapita ku Bulawayo ine ndisanabadwe, ankatumiza ndalama, nyumba inamangidwa, iwo anaikidwa konko. Timawatcha matchona ngati anachita kufuna. Ndiye usiku wathawu ndinaima pageti la sunagoge ndi ana, kuona azibambo akuluakulu akudumpha ndi mipukutu ngati anyamula makanda, maswiti akuuluka. Sindinadziwe kuti akuvinira nkhani ya munthu amene sanafike kwawo.

Wa Kabaza Area 25: Asisi, inu mudzafika. Ndidzakutengani ndine pa depoti, ulere.

Nachisale wa ku Joni: Ndi masutikesi anayi pa njinga? Kkkk zikomo achimwene.

Aphunzitsi Opuma: Koma ana anu akugonamo mayi?

Nachisale wa ku Joni: Akugonamo aphunzitsi, onse atatu ndi agogo awo. Wamkulu chipinda chake wapaka kale utoto wa buluu osandifunsa.

Lachinayi, 16 Okutobala

Nachisale wa ku Joni: Chisakasa chaphwasulidwa m'mawa uno. Matabwa ali ndi manambala kumbuyo, abwana awasanja m'galaja motsatana kuti chaka chamawa asavutike. Nthambi zauma, tazimanga mitolo zili pageti. Pamene panali tebulo kapinga wayera, mnyamata wa kugadeni akung'ung'udza. Chindimu chija tsopano akuti ndikhoza kuchigwira, madamu akufuna tipangire jamu, ndachinunkhiza, fungo lake ngati ndimu wosakaniza ndi maluwa. Ndawafunsa za Loweruka lino, akuti ndi Bereshit, Genesis 1:1 mpaka 6:8.

Aphunzitsi Opuma: Bwanji nafenso tiyese? Gawo limodzi pa sabata, osadumpha, tione ngati tingafike pa Nebo chaka chamawa. Mayi a Tadala azitiuza malire a gawo ndi zimene amva kwa rabi, ife tiziwerenga m'Chichewa.

Wa Sabata: Ndalowa nawo, bola tizikambirana Loweruka.

Mkulu wa Mpingo ku Zomba: Loweruka madzulo, dzuwa litalowa, kuti pasakhale wodandaula.

Mayi a Tadala ku London: Ndavomera, koma masabata amene ndili pa shifiti yausiku muzindidikira. Ndipo tikafika pa Levitiko 13 wina asadwale mutu.

Wa Kabaza Area 25: Mitu isanu ndi kanthu pofika Loweruka? Wina anditumizire ya mawu, ndizimvera ndikutchova.

Mlimi wa ku Arava: Ndikujambulirani mutu 1 ndi 2 usiku uno tikaweruka. Nachisale tengani 3, poti muli nkhani ya chipatso.